Chimanga ndinataya, thumba lili chilili

"Kodi Mayi Mbewe, mukatsanula chimanga m'thumba, thumbalo limachepa?"

Anandifunsa choncho ndi Mayi Tembo, amene amatiphunzitsa kulemba mapulogalamu a kompyuta pa Kamwendo Loweruka lililonse. Ndinayankha kuti ayi, iwo n'kuwomba m'manja, ndipo ine kusangalala ndi kuwomberedwako zotsatira zake ndinangomva mwapatalipatali. Ankati mu pulogalamu muli kathumba kosungiramo zinthu kotchedwa vekita, kamakula ukamaikamo, koma ukachotsamo kamaumirabe malo onse mu memole, nkhokwe ya kompyutayo, mpaka utakalamula kuti kapindike. Lamulo lotsanula ndi lina, lopinda ndi lina. Ine ndinalemba limodzi lokha. Munthu wa Folomu 4 n'kulemberanji zonse?

Pajatu ndine mlembi wa kalabu ya amayi olima soya ku Mlonyeni, ndiye kapulogalamu kanga koyamba kanali kosunga mayina athu. Kankalowetsa alimi a dera lonse n'kuchotsa osakhala athu, thumba n'kutsala lotukumuka. Lachinayi lina tinakumana kutchalitchi kuti tionenso mayina, poti mawa lake alangizi amabwera kudzawatenga, ndipo amene dzina lake palibe mbewu salandira. Laputopu ya kalabu inkayenda ngati ng'ombe yokoka ngolo pamatope.

"Asikono, kodi tigona pompano?" anatero apampando athu, Nabanda.

"Dekhani amayi, ndi memole chabe. Ndiimasula pompano."

Mwamva mawuwo? Ndiimasula! Ndinakonza mpango, amayi atandizungulira, ndinalemba lamulo langa lija n'kudina. Kuyang'ana memole, ili pomwepo. Kuyang'ana mayina, mbee! Ndiye nzeru zinandibwerera zoti nditseke pulogalamu n'kutsegulanso, mwina idzidzimuka. Koma amene anaiphunzitsa kuti potseka izisunga zimene zili m'thumba pamwamba pa zakale ndani? Ine ndemwe. Inamvera bwinobwino, inasunga mphepo.

Anzanga, ndinaiuzira mpweya laputopu ija. Ndinaitembenuza n'kuigwedeza pang'ono ngati lichero, kuti mwina dzina limodzi ligwa.

"Zatheka?" Nabanda anafunsa.

"Ikuganiza kaye."

Ndinatuluka ngati ndikupita kuseri n'kuimbira Mayi Tembo. Sanaseke, Mulungu awadalitse. "Mayi Mbewe, mwataya chimanga, thumba lili chilili. Mumafunika kungolipinda. Komanso kuchedwako si memole ayi, makinawo ndi okalamba basi."

Ndinabwerera m'tchalitchi muja. Pamutu ndinatha kukumbukira amayi khumi ndi awiri, wachikhumi ndi chitatu n'kukhala malemu. Ena sanabwere tsikulo, ena amalembetsa dzina la pachitupa lomwe sitiwaitanira n'komwe. Ndiwauze chiyani alangizi, kuti mbewu apatse thumba?

Pakona panakhala amake Chisomo, a ku Phalombe, amene amuna awo ndi tenanti pa esiteti ya fodya. Atabwera kumene ena ankakana kuti alowe kalabu, akuti matenanti sachedwa kusamuka. Ine ndinangowalemba. Pambuyo pake anandinong'oneza kuti sadziwa kulemba, ndiye tikaweruka ndinkawasiyira laputopu yotsegula kuti azikopera mayina m'kope, dzanja lizolowere.

Pamene Nabanda ankaitanitsa nyimbo yoti tidikirire makina oganizawo, amake Chisomo anadzuka ngati akukathira mwana madzi. Podutsa anagwetsera kanthu m'basiketi mwanga, osandiyang'ana.

Kope lija. Zilembo zikuluzikulu zopendama ngati chimanga chogwa ndi mphepo, koma mayina onse analimo, ndi midzi yomwe, dzina lililonse lolembedwa kawiri.

Ndinalowetsa onse nyimbo isanathe kachitatu. Nabanda mpaka lero amauza anthu kuti asikono awo ndi katswiri, anakonza kompyuta poiuzira mpweya. Ine ndinalumbira kuti thumba lililonse, lapakompyuta kaya lakunkhokwe, likafuna malo lizikhala nawo, sindilikhudzanso.

Potuluka ndinawabwezera kope amake Chisomo. Analilandira ndi manja awiri.

"Loweruka tiyambe manambala, achemwali," anatero, n'kubereka mwana.