Kamtedza ndi Bokosi la Mabotolo

Mwambi mwandifunsawu, ana inu, chiyambi chake n'chotere. Koma yambani mwakhala pansi. Mukungoimirira n'kumapondaponda ngati mwalowa m'linthumbu, pamene munthu ndikufuna kukuuzaniyu chinamupweteka n'chomwecho.

Kale, sitima zoyendera nkhuni zitangoyamba kukwera mtsinje wa Shire, padoko lina la kuchigwa panali mkamwini dzina lake Kamtedza. Ulesi analibe. Vuto lake linali lakuti ntchito iliyonse inkamukoma tsiku loyamba lokha. Anayamba ndi kumeta anthu, koma lumo litadya khutu la mkulu wina, anati kumeta si ntchito ya munthu wanzeru. Anayamba kuzula mano ndi chingwe, n'kuzula dzino labwino kusiya lobooka. Anayesanso kuwolotsa anthu pabwato, koma akafika pakati pamtsinje ankakumbukira ntchito ina imene waisiya kumtunda, n'kutembenuza bwato anthu akukuwa.

Amene ankadyetsa banja anali mkazi wake, Nachanza. Mayiyu anali ndi kanyumba ka bango kowambiramo milamba, kamene anamumangira mchimwene wake Chikopa. Amalonda ochokera kumapiri ankabwera kudzapikula nsombazo madengumadengu, n'kusiya makasu ndi nsalu.

“Bambo, bwanji osangokhala pano n'kumandisonkhezera moto?” ankatero Nachanza, misozi ya utsi ili chuchuchu.

“Mayi, ine sindinabadwire kuyang'anira mitu ya milamba,” ankayankha Kamtedza ali kale panjira. “Malonda anga akubwera. Ndikuwamva m'mapazimu.”

Tsiku lina m'mawa sitima inaima padoko kuti ikweze nkhuni. Munatsika Mchikunda wina wa ku Zambezi, dzina lake Zuze, wamalonda wopikulitsa katundu. Anayala nsalu, mikanda ndi mawaya, kenako anatsegula bokosi lathabwa. M'katimo, pakati pa udzu wouma, munagona mabotolo ofiirira, lililonse lili ndi chithunzi cha mzungu wandevu akumwetulira.

Kamtedza anafika asanaitanidwe.

“Mmenemu muli chiyani?”

“Mankhwala a kutsidya kwa nyanja yamchere, bwenzi langa,” anatero Zuze. “Chifuwa, mutu, msana, nyamakazi, njoka zam'mimba, dazi, zonse amachotsa. Waiona ndevu ya mwini wakeyu? Asanamwe anali wosalala ngati chipanda.”

“Ndipatseni limodzi ndikayese.”

“Limodzi? Ine sindigulitsa limodzilimodzi ngati mazira. Malonda anga ndi bokosi lathunthu. Iwe ukagulitse limodzilimodzi kumudziko, anthu azikutcha sing'anga ndi mwini chuma nthawi imodzi.”

Mawu amenewo anamulowa Kamtedza mpaka m'mafupa. Nthawi yomweyo mphepo inatembenuka, utsi wa sitima n'kuwaphimba onse awiri. Kamtedza anatsokomola, akutikita m'maso, ndipo nzeru inamugwera.

“Nanga utsi? Amachiza utsi?”

Zuze anayang'ana sitima, anayang'ana nkhuni zimene zinatsala pang'ono kutha kukwezedwa, n'kumuyang'ananso Kamtedza.

“Utsi? Utsi ndiye ntchito yake yeniyeni! Zinazi amangochiza podutsa. Anyamata osonkhezera moto musitimamu ukuganiza kuti amapirira bwanji? Koma fulumira, sitima ikaliza mluzu ine ndapita.”

Kamtedza anathamangira kunyumba. Nachanza anali atapita kudimba, ndipo madengu onse a nsomba zimene anawamba mwezi wathunthu anali pakhonde, kudikira amalonda a kumapiri. Mwamunayo anawatuta onse, akuthamanga popita ndi pobwera, thukuta lili kamukamu. Sitima italiza mluzu, nsomba zinali m'kati, Zuze akubayibitsa ndi chipewa, ndipo Kamtedza anatsala padoko atakumbatira bokosi lake.

Nachanza atabwera anaima pakhonde, khasu lili paphewa, osalitula.

“Bambo, nsomba zanga zili kuti?”

“Zasanduka, mayi. Taonani.” Anatulutsa botolo limodzi. “Kuyambira lero misozi ya utsi yatha m'dziko lino. Owamba nsomba, ophika mchere, osula makasu, mayi aliyense wapamafuwa, onsewo ndi anthu anga.”

“Ana adya mzungu wandevuyu?”

Mayiyo sanadikire yankho. Anapita kukaitana mchimwene wake. Chikopa anali munthu wosachulutsa mawu. Anafika, anasuzumira m'bokosi, ananunkhiza botolo, n'kulibwezera.

“Alamu,” anatero, “khutu lija tinalipira ndife. Dzino lija tinapepesa ndife. Koma izi ndi nsomba za mlongo wanga. Mwezi ukaoneka mabotolowa asanasanduke chakudya, mupinde mphasa yanu muzipita kwanu.”

Apa Kamtedza sanakhalenso pansi ngakhale pakudya. Anasenza bokosi n'kuyamba kuzungulira midzi. Kwa osula anamuuza kuti abwere mawa. Kwa oumba mbiya anamufunsa ngati ndi yemwe uja wa mano, n'kumuthamangitsa ndi zibuma. Kulikonse ankapeza maso ofiira ndi zifuwa zolira, koma palibe amene anatulutsa ngakhale chikho cha mapira.

Potsiriza anafika kudambo kumene amayi ankaphika mchere. Kumeneko kunali mayi wachikulire, Nyakhuwa, amene utsi unamudya maso mpaka ankazindikira anthu ndi mawu okha.

“Mwana wanga,” anatero Nyakhuwa, “ndili ndi thadzi limodzi loikira. Ngati mankhwala akowo ndi oona, thadzilo ndi lako, ndipo anzangawa anditsatira. Koma kwathu kuno sing'anga amayamba walawa yekha. Iwe wamwako?”

“Ine sindikudwala, amayi.”

“Ndiye dwala, tione.”

Amayi onse anaseka, koma Kamtedza sanaseke. Anaona kuti mayiyo wamupatsa nzeru yaulere. Pobwerera analengeza m'mudzi uliwonse kuti mawa dzuwa likakwera, aliyense abwere kwa Nachanza adzaone munthu akukhala mu utsi ngati ali pamthunzi wa mtondo.

M'mawa mwake bwalo linadzaza. Ena ananyamula nkhuku, ena mitanga ya mapira, ena anangobwera ndi mano oti asekere. Nachanza anaima pakhomo pa kanyumba kowambira nsomba, manja atatambasula.

“Nsomba mwatenga. Tsopano mukufunanso nyumba yake?”

“Ndikungobwereka, mayi. Pofika masana mudzakhala mukusowa poika nkhuku.”

Anamulambalala n'kulowa. Anakoleza moto padzenje lowambira, anathirapo zitsononkho, masamba aawisi ndi ndowe zouma. Utsi unayamba kutuluka m'bango monse, uli tolotolo. Bokosi analowa nalo, poopa kuti wina angasolole botolo iye ali m'kati.

Wosula wina anakuwa kuti, “Utsi umenewo ndi wa ana! Ife timaumwa tsiku ndi tsiku!”

Kamtedza anatuluka, anathothola tsabola wouma amene anapachikidwa patsindwi la khonde, nkhata yonse, n'kukamuponya pamoto. Anthu amene anali pafupi anayamba kuyetsemula n'kubwerera m'mbuyo.

“Alamu,” anatero kwa Chikopa, “tsekani chitseko, mupiringidze kunjako. Ngakhale mumve ndikuitana, musatsegule. Ameneyo adzakhala utsi ukulankhula, osati ine.”

Chikopa anali asanamverepo mlamu wake mwachangu ngati tsiku limenelo.

Poyamba kunali zii. Kenako kunamveka kutsokomola kumodzi, kwaulemu. Kenako kwina, kopanda ulemu. M'katimo Kamtedza anazula chotsekera ndi mano n'kugugudiza botolo loyamba. Zimene zinatsika kummero kwake zinali ngati kachasu wa mutu wosakaniza ndi ndulu. Utsi unkamuotcha kunja, mankhwala akumuotcha m'kati.

“Zikuyenda bwanji mmenemo?” anafunsa wosula uja.

“Akugwira! Kho! Kho! Akugwira ntchito!”

“Nanga kutsokomolako?”

“Ndi matenda akale akutuluka!”

Anamwa lachiwiri. Chifuwa sichinaleke, koma nyumba inayamba kuzungulira. Ataima pakati pa utsi, akudumpha ndi mwendo uwu ndi uwo, anaganiza kuti walakwitsa njira. Chopweteka ndi maso, nanga bwanji akuthira m'mimba? Anapendeketsa mutu, anatong'ola diso ndi zala, n'kuthiramo lachitatu.

Mfuu imene inatuluka m'kanyumbamo inaulutsa njiwa m'mudzi monse.

“Bambo, mukulira!” anakuwa Nachanza. “Achimwene, tsegulani!”

“Anati tisatsegule,” anatero Chikopa, manja ali kumbuyo.

“Sindikulira!” anatero mawu a m'katimo. “Ndikuimba! Ndi nyimbo ya kwathu, simukuidziwa!”

Tsono apa ndi pamene Kamtedza anaganiza nzeru yake yaikulu kuposa zonse. Mabotolo awiri anali m'mimba, limodzi m'maso, mutu uli ziii. Anadzifunsa kuti, kodi Zuze ananena kuti chiyani? Sananene kuti mankhwalawa amachiza munthu. Anati amachiza utsi. Ndiye wodwala ndani? Ndi utsi! Nthawi yonseyi iye ankamwa mankhwala a mwini wake.

“Pepani, pepani,” anauza utsiwo. “Nawa mankhwala anu.”

Anakokera bokosi pafupi ndi dzenje, anatenga mabotolo awiri, dzanja ili limodzi, ili limodzi, n'kukhuthulira pamoto.

Ana inu, moto ukamwa kachasu suledzera ngati munthu. Unangoti phuu, lawi mpaka kudenga. Ndevu za Kamtedza zinapita nthawi yomweyo. Udzu wa m'bokosi unayaka, ndipo mabotolo anayamba kuphulika limodzilimodzi, monga mmene iye ankafunira kuwagulitsira. Phoo! Phoo! Phoo!

Masiku amenewo anthu akamva kulira kotero sankafunsa. Wina anakuwa kuti, “Mfuti! Nkhondo!” ndipo bwalo lonse linangoti balala. Nkhuku zinapulumuka m'manja, mapira anatayika, wosula uja anakapezeka pamwamba pa nkhokwe ya eni ake. Chikopa naye anali atafika kale kuseri kwa chulu.

Amene anathamangira kumoto anali Nachanza yekha. Anagwira mpiringidzo, wakana. Anaumenya ndi mwala, akuitana mwamuna wake, osati “bambo” tsopano, koma dzina lake lenileni, limene anali asanalitchulepo pagulu chikwatiwire. Mpiringidzo utagwa anakankha chitseko, koma m'katimo munali moto wokhawokha.

Kamtedza mwini wake anali atatulukira kumbuyo. Khoma la bango analiboola ndi mutu, ndipo thandala lowambira nsomba linamukola m'khosi. Anadutsa m'munda wa thonje, anadumpha mbuzi, anadumphanso mwini mbuzi, liwiro la mtondo wadooka, utsi ukumutsatira kunsalu. Atafika pamtsinje sanafunse za ng'ona. Anangoti khuvu.

Anthu ataona kuti nkhondo kulibe, anatuluka m'tchire mmodzimmodzi n'kutsikira kudoko. Kanyumba kaja kanali katasanduka phulusa. Anamupeza Kamtedza ali m'madzi ofika m'khosi, wopanda ndevu, wopanda nsidze, akukoka mpweya ngati mwana wongobadwa kumene. Kwa nthawi yoyamba chibadwire, munthuyo anali ataima malo amodzi.

Nachanza anafika manja atapsa, nsalu ili ndi mwaye. Anamuyang'ana nthawi yaitali. Anthu ankadikira kuti amve mawu othamangitsa mkamwini, ndipo Chikopa anali atakonza kale kukhosi.

“Achimwene, musavutike,” anatero mayiyo. “Akapita kwawo, nyumba yanga amanga ndani? Bambo, mukatuluka mmenemo mukadule bango. Mukamaliza kumanga, muzisonkhezera moto mpaka madengu anga onse adzaze. Mukakumbukira ntchito ina muli pakati, mundiuze, ndidzakukumbutsani ya lero.”

“Ndamva, mayi,” anatero Kamtedza, ndipo ndikuuzeni kuti nyumba imeneyo anaimangadi mpaka kufolera.

Koma asanatuluke m'madzimo, anthu anapatuka kupereka njira. Anali Nyakhuwa, mayi wa mchere uja. Iye sanathawe nawo, poti miyendo inali itatha, ndipo zimene zinachitika sanazione, poti maso analibe. Anatsika pang'onopang'ono ndi ndodo yake, thadzi lili m'khwapa, mpaka madzi anamukhudza zala. Anatchera khutu.

“Ndiwe sing'anga uja?”

“Ndine, amayi.”

“Ndikumva ukupuma bwino. Kutsokomola kwaleka. Nanga maso?”

Kamtedza anaphethira. Anaona mitengo, anaona mitambo, anaona mudzi wonse ukumuyang'ana.

“Ayera, amayi.”

“Ndiye agwira ntchito! Nali thadzi lako. Tandiuza, mwana wanga, mankhwala ake enieni ndi ati? Akumwa, kapena othira m'maso?”

Anthu anagwira pakamwa. Kamtedza anayang'ana thadzi lija, lonona, loikira, malonda oyamba amene anamutsata okha. Anameza malovu. Kenako anavula thandala m'khosi, n'kulisiya lipite ndi madzi.

“Bwererani nayo nkhuku yanu, amayi,” anatero. “Ndayesa akumwa, ndayesa othira m'maso, ndayesa omwetsa moto. Amene andichiza sagulitsidwa m'botolo. Mankhwala a utsi n'kuthawa.”