Chitenje cha Malemu ndi Chipani cha Eni Ake

Loweruka limenelo kunali kamvula kowaza, kaja kosanyowetsa msanga koma kozizira mpaka m'mafupa. Pamsika wa Woolwich ogulitsa zipatso ankakuwa mitengo, ambulansi inkalira chapatali, mabasi akuthovula madzi m'mphepete mwa msewu. Munthu wanzeru akanabwerera m'nyumba. Ine ndinatuluka nditavala malaya achikasu, ndipo mpaka lero ndikakumbukira tsikulo mtima umanditentha.

Ndiyambe poyambira. Ine ndi malemu mkazi wanga, amake Chisomo, tinakhala zaka zambiri ku Glasgow. Iye anali namwino, ndipo manda ake ali komweko. Atamwalira ndinasamukira ku London kufupi ndi mwana wathu, n'kupeza ntchito yosamalira okalamba. Amake Chisomo ankafunitsitsa kuti dziko la Scotland lidzilamulire lokha. Ankati, "Ifenso ankatiuza kuti sitingathe, koma lero mbendera tili nayo." (Ndikamufunsa za misewu ya kwathu ankasintha nkhani.) Riferendamu ya ufuluwo inachitika iye kulibe. Ine sindinavote poti ndinali nditasamuka, ndipo ofuna ufuluwo anagonja. Zinandipweteka ngati ndamuika m'manda kachiwiri.

Kenako tinamva kuti ogonjawo, m'malo mogwira njakata, akulowa zipani mwaunyinji. Ndinati nanenso ndilowe chimodzi m'dzina la malemu. Zofuna ufulu zomwe ndinkazidziwa zinali ziwiri, chachikasu ndi chobiriwira. Ine sindipupuluma. Ndinapemphera, ndinasinkhasinkha, chisanu chinabwera n'kupita. Pomaliza ndinasankha chachikasu, chifukwa m'sutikesi munali chitenje chachikasu chomwe malemu ankakonda kuvala pa maukwati.

Kulakwa kwanga kunali kuuza anthu awiri titaweruka kutchalitchi ku Peckham, komwe ndine mkulu wa mpingo. Woyamba ndi a Mbewe, oyendetsa basi, obadwira pa famu ya fodya ku Zimbabwe koma makolo awo ndi a ku Dedza. Wachiwiri ndi mayi Nankhoma, namwino wa ku Edmonton, amene ndinkawayesa munthu wopemphera.

"Achikasu?" anatero a Mbewe. "Akulu, si awo ali ndi msonkhano Loweruka muholo yakuseri kwa siteshoni? Zikwangwani zawo zili mbwee!"

Mayi Nankhoma anagwira pakamwa. Ndinayesa akutsokomola.

"Koma musapite wamba," anapitiriza a Mbewe. "Mwambo mukuudziwa. Wolowa chipani amavala nsalu, n'kuimirira pagulu, n'kuwalalatira adani. Apo ayi amuyesa kazitape."

Sananame kwenikweni, kwathu zimatero. Chipani timachidziwa ndi mtundu wa nsalu. Munthu ukaona galimoto yodzaza amayi ovala zofanana, sufunsa kuti akupita kuti. Zikwangwanizo ndinaziona ndili pabasi, zachikasu ndithu, ndipo sindinavutike n'kutulutsa magalasi kuti ndiwerenge.

Chitenjecho ndinapita nacho kwa telala wa ku Ghana pa Peckham pomwepo. Chinali chikununkhirabe mafuta a malemu. Sizasi italowa m'nsalu ndinatseka maso, ndikudzilimbitsa mtima kuti amake Chisomo akanavomera.

Muholo ndinapezamo anthu ochepa, ambiri azungu achikulire, atakhala mozungulira tiyi ndi mabisiketi. Ng'oma kunalibe, wovala nsalu ya chipani panalibe. Ndinali ndekha, kuwala ngati nthochi yakupsa pakati pa majekete otuwa. Mayi wina anandilandira mwaulemu n'kundimata kaduwa kachikasu pachifuwa. A Mbewe ndi mayi Nankhoma, amene anati abwera kudzandiperekeza, anakhala mpando wakumbuyo. Anthuwo anakambirana za zinyalala, za maenje a m'misewu, za poimika magalimoto. Ndinadabwa kuti anthu olandidwa ufulu angataye nthawi ndi mabini, koma ndinati mwina ndi chisoni.

Wapampando atafunsa ngati alipo wina ali ndi mawu, ndinaimirira.

Ndinayamba ndi pemphero lalifupi. (Palibe anayankha ameni, ndipo apo pokha ndikanazindikira.) Kenako ndinatsegula Chingerezi changa chonse. Ndinati ndabwera kudzalowa chipani cha anthu olimba mtima. Ndinati onse amene anavotera kukana ufulu ali ngati ana a Israele olirira miphika ya nyama ku Igupto. Ndinati atsogoleri awo ndi amantha, odyera kuwiri, ogulitsa ukulu wawo ndi mbale ya mphodza. Ine amene sindinakwezepo mawu ngakhale kwa galu, ndinamenya tebulo mpaka masupuni analira. Ndinamaliza ndi nkhonya m'mwamba.

Gogo wina anakonza kachipangizo kake ka m'khutu.

Wapampando anakonza kukhosi. "Bambo, tathokoza chifukwa cha mawu anu amphamvu. Kungoti ife tinali mbali ya okana. Ineyo ndinakwera sitima mpaka ku Glasgow kukagogoda m'makomo." Anawonjeza mofatsa kuti chipani chomwe ndinkafunacho sichipikisana nawo n'komwe ku London kuno, kungofanana mtundu basi.

Akanandikuwiza bwenzi zili bwino. Kwathu akanandivula malaya, n'kundithamangitsa ndi miyala, ndikanatuluka ngati ngwazi. Awa anaomba m'manja pang'onopang'ono, ndipo mayi uja anandifunsa ngati tiyi ndimamwa wamkaka. Nditacheuka ndinaona a Mbewe atakweza foni akujambula kanema, mapewa akugwedezeka, mayi Nankhoma atabisa nkhope m'chikwama.

Panja, pamvula, ndinawaimitsa.

"Munkadziwa?"

"Akulu, musatero," anatero a Mbewe akupukuta misozi ya phwete. "Timangofuna museke pang'ono. Chimwalirire amayi simunaonetsepo mano."

"Malaya awa mukuwadziwa? N'chitenje cha amake Chisomo. Ndachidula chifukwa cha inu."

Kuseka kunatha. Mayi Nankhoma anagwira m'mphepete mwa malayawo n'kunena chapansipansi, "Ambuye, n'chija anavala pa ukwati wa Chisomo." A Mbewe anayamba kudinadina foni kuti afufute, koma kanemayo anali atafika kale pagulu la pafoni la mpingo.

Mawa lake nditalowa m'tchalitchi, mayi wina anati, "Pakhomo patseguke, aphungu athu afika!" Ana ankandipatsa moni ndi nkhonya m'mwamba. Ngakhale Chisomo anandiimbira foni, osatha kulankhula n'kuseka. Ndinakwiya mkwiyo umene sindinkadziwa kuti ndili nawo. Awiriwo ndinasiya kuwapatsa moni. Basi ikabwera ndinkayamba ndasuzumira woyendetsa. Popemphera "monga ifenso tiwakhululukira" ndinkangogwedeza milomo. Nsalu ikadulidwa yadulidwa, ndipo ine ndinali ndi chitenje chimodzi chokhacho.

Ndiye linafika Lamulungu la Mgonero, ndipo woyendetsa chikho m'mizere ndinali ine. Mzere wachitatu, a Mbewe ndi mayi Nankhoma atakhala moyandikana, mitu pansi, manja osatambasula. Ndinaima pamaso pawo, thireyi ya tizikho ili m'manja. Ndinafuna kudutsa. Pamenepo ndinakumbukira kaseka ka amake Chisomo, ndipo ndinadziwa bwinobwino kuti akanakhalapo muholo muja akanakhala mpando wakumbuyo, pakati pa awiriwa, iye ndi amene akanagwira foni. Zimenezi zinandikwiyitsanso, koma thireyi ndinaitsitsa.

"Tengani, a Mbewe," ndinanong'ona. "Musandichedwetse."

Chipani ndilibe mpaka lero, ndikupempherabe kuti ndisankhe. Magalasi ndimayenda nawo pakhosi. Malaya aja ali m'sutikesi momwe munali chitenje, ndipo ndikawaona mtima umawawabe. Koma a Mbewe ndi mayi Nankhoma ndinawakhululukira.