Mapiritsi a Amayi ndi Mchere wa M'ndiwo

Lolemba

Ndapita nawo amayi kukiliniki, mochita kuwakoka. Mwezi uliwonse akakhala kumwezi, mutu waching'alang'ala umawagwetsa: mbali imodzi kugunda ngati ng'oma, kusanza, kudana ndi kuwala. Kapitawo wa kushedi yosankhira fodya wanena kale kuti akajombanso, malo awo apatsa wina.

Sisita wapereka mapiritsi. Malamulo ake: ayambe kumwa kutatsala masiku awiri kuti nthawi yawo ifike, amwe atadya, asagawireko munthu. Zophweka! Ine ndi digiri yanga ya ku Chinhoyi, komboni yonse ino ndiisintha. Ndiyambira pakhomo pano.

Lachiwiri

Amayi akana. "Munthu uli bwinobwino n'kumamwa mankhwala? Kumeneko n'kuitana matenda."

Chabwino, tsikulo likayandikira ndiwakakamiza ndine. Koma ndi liti? Tsikulo amayi anauza sisita ine atanditulutsa panja. Ndafunsa mwaulemu wonse, chogwada. Andiyang'ana kuyambira kumapazi. "Kuyunivesiti amaphunzitsa kufunsa mayi ako zimenezo?" Abambo atsokomola, atenga njinga, akuti akukaona pampu. Pampuyo ilibe vuto.

Lachitatu

Nzeru zabwera. Kwathu kuno mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo, amaitana wina, kuopa kudwalitsa a m'nyumba. Mwambo umene ndakhala ndikuunyoza, lero undigwirira ntchito. Ndakhala pakhomo la khitchini ngati mphaka wodikira khoswe. Muriwo, ndiwo zamasamba zija, wapsa. Amayi athira okha mchere. Ndiye kuti sizinafike.

Lachinayi

"Iwe, tabwera undithirire mchere."

Ndathamanga, dzanja lino mapiritsi, linalo kapu ya madzi. Kani manja awo angoda ndi fodya basi, sanasambe. Aseka mpaka kugwirira chitseko. Pofika madzulo nkhani yafika kale kumpopi. Amake Tendai, oyandikana nafe, akundipatsa moni ali kutali: "Maswera sei, dokotala wa mchere?"

Lachisanu

Paketi yapepuka. Ndafufuza, zapezeka izi:
abambo amwako, msana;
amake Tendai, dzino;
mkulu wa mpingo, bondo.

Ndakumbutsa zimene sisita ananena. Ndafotokoza za zilonda zam'mimba, za impso, zonse. Amayi amvetsera mpaka ndamaliza. "Mnzako akubuula, iwe mankhwala angogona pashelefu, ungamumane? Idya, ndiwo zikuzizira."

Nthawi zina ndimafuna kukwera kombi ya ku Harare osatembenukanso. Kenako amandiikira chiwindi cha nkhuku m'mbale mwanga, abambo osaona.

Loweruka

Mutu uja wabwera. Kutacha amayi asanza, nsalu pazenera, mpango womangidwa thinithini pamutu. Wailesi yazimitsidwa, abambo akuyenda monyang'ama m'nyumba yawo yomwe. Mwayi wake Loweruka kushedi sagwira.

Masana anong'oneza: "Lero mchere uthire ndiwe."

Ndaima ndi mchere m'manja, ndiye ndazindikira. Mchere umanena tsiku litafika kale. Mapiritsi amafuna tsiku lisanafike. Sabata yonse ndakhala ndikulondera mthenga wobwera mochedwa. Ophunzira ife!

Otsalawo amwa ndi kaphala pang'ono, osatsutsa n'komwe. Bola akanatsutsa.

Lamulungu

Mutu watsikako, koma mawa sangadzuke. Potuluka m'tchalitchi ndam'tsatira kapitawo. Wavomera kuti ndikhale pabenchi ya amayi mpaka achire, malo asapite. Wafunsa ngati ndimadziwa kusankha fodya. Ndati ndimaphunzira msanga. Waseka.

Ku Harare kokafuna ntchito kudikire. Ndikapezanso mpata ndikapepese kwa sisita, atipatse ena, ndipo amenewo ndizisunga ndine.

Amayi andiuza pamene pali epuloni yawo, ali chigonere mumdima, dzanja langa lili pachipumi pawo. Ndimayesa agona. Atembenukira kukhoma.

"Mwezi wamawa ndikadzati mitambo yayamba, ubweretse timapiritsi takoto. Koma usandifunse kanthu."

Sindinafunse.