Bulangete la Apongozi pa Bokosi Langa la Gitala

Anyamata a masiku ano akamakangana pa Nsaru za zokuzira mawu, uyu akuti changa n'champhamvu, uyu akuti changa chimalira bwino, ine ndimangokukuta mtedza wanga ndi mano awiri otsalawa n'kumawayang'ana. Sadziwa kuti nkhalamba ili apayi inaotchapo chake masanasana, anthu a midzi itatu akuonerera. Mpaka lero ndikakumbuka ndimadzuma.

Anali masiku a Chitaganya. Ndinabwera kuchokera ku Halale, kumene ndinkatsuka mbale muhotela, nditanyamula gitala ndi mabokosi awiri okuzira mawu ake. M'kati mwa mabokosiwo munali mababu agalasi oima ngati timabotolo ta mankhwala. Ukayatsa ankayamba afiira kaye, kenako mawu n'kutuluka. (Sukulu ndinalekeza Sitandade 2, koma pa za mababu musanditsutse.)

Laling'ono linkadya mabatire ouma, onga a wailesi. Mutiyirumu ya malata pa Msundwe linkalira mokoma, anthu n'kumamwa tiyi akumvana zocheza zawo. Koma kulitulutsa panja, mphepo inkalanda mawu onse, moti tambala ankaliposa. Lalikulu ndiye chilombo: mababu asanu, ndipo linkafuna batire la lole. Ndinaliyesa kamodzi mutiyirumu momwemo, malata n'kuyamba kunjenjemera, makapu kumayenda okha patebulo, mwini wake n'kundipitikitsa ndi tsache. Malo ake anali pabwalo. Ukakhudza nsambo imodzi, amayi kudambo ankatula mitsuko. Vuto lake linali limodzi lokha: linkatentha ngati mbaula, ndiye kumbuyo kwake kunkayenera kukhala poyera kuti lizipuma.

Nthawiyo n'kuti ndili pachikamwini, m'mudzi wa kwawo kwa mkazi wanga, a Nambewe, kufupi ndi Nsaru. Dzinja linali lachinayi ndikukwezera mizere ya fodya m'munda wa eni ake, pamene kwathu ku Kabudula munda wanga ukumera tsekera. Ndinali nditapempha chitengwa, kuti andilole kutenga mkazi ndi ana tikakhale kwathu. Atsibweni a mkazi wanga, a Filimoni, amene anali eni mbumba, anati, "Tidzakuyankhani ukatha ukwati wa mlamu wanu Esitere." Ine mumtima ndinati ameneyo ndiye mwayi. Ndiwaimbira gitala mpaka anena okha kuti munthu wotere sayenera kumangidwa miyendo.

Ukwatiwo unali wa pabwalo, mwezi wa fumbi, kotero ndinasankha lalikulu. Pamenepo sindinalakwe, ndipo aliyense wodziwa ntchito angandivomereze. Mnzanga Yotamu, dalaivala wa lole yonyamula fodya, anabweretsa batire ndi maseche ake. Tinaika bokosi pampando pansi pa mango, mababu anafiira, ndinakhudza nsambo, ndipo agalu onse a m'mudzimo anathawira kuminda. Anthu anadzaza bwalo. Fumbi linakwera.

Apa m'pamene panabwera apongozi anga aakazi.

Achinyamata mwina simudziwa. Kalelo mkamwini sankayang'ana apongozi ake aakazi kumaso, kapena kuwalankhula pakamwa ndi pakamwa. Mukakumana panjira, iwe unkapatukira kutchire, kaya kuli chitedze. Mawu ankadutsa mwa munthu wina. Ndiye nditaona kumphepete kwa diso kuti akubwera, ndinatembenuza nkhope kuyang'ana kutsinde la mango, zala zili pansambo. Nditacheuka pang'ono, bokosi langa mulibe. Pampando pali phiri la bulangete lofiira, latsopano, lija apongozi ankasunga m'sutikesi kudikira alendo olemekezeka.

Mayiwo sanali opusa ayi. Kwawo chinthu chamtengo sichikhala pafumbi chosafunda. Anaona chuma cha mkamwini chikudetsedwa, n'kuchipatsa ulemu. M'zaka zinayi zonse, imeneyo inali mphatso yawo yoyamba kwa ine. Amayi ena mpaka analuluta.

"Yotamu," ndinanong'ona, "vundukula kumbuyoko."

"Ine? Bulangete la apongozi ako?"

"Si apongozi ako iwe, vundukula!"

Anakweza ngodya imodzi mochenjera ngati akuba mazira. Apongozi anaona. Anabwerera, kukonza ngodyayo bwinobwino, kuipsinja ndi njerwa, kenako n'kuyala mkeka pomwepo, kukhala pansi kuti alondere. Mapazi awo ndi anga kutalikirana mikono iwiri yokha! Khosi langa linauma ndi kuyang'ana mango.

Mwina mufunsa kuti bwanji osangozimitsa. Funsani, pakamwa mpanu. Nthawi imeneyo n'kuti mkwatibwi atatuluka m'nyumba, akuyenda kaphazi kamodzi kutsogolo, kuima, kaphazi kena, motsata gitala yanga. Kuchokera pakhomo kufika pamipando panali ngati pano ndi apo, koma Esitere anayenda ngati akupita ku Mchinji. Kudula nyimbo mkwatibwi ali pakati pa bwalo, a Filimoni atakhala kutsogolo ndi chipewa pabondo? Chitengwa chikanathera pomwepo.

Ndinakodola mkazi wanga ndi chigongono. Anabwera akupukuta manja, n'kugwada.

"A Nambewe, auzeni amayi achotse bulangete. Bokosi lipsa."

"Ndiwauze achotse? Pamaso pa anthu onsewa?"

"Auzeni mwaulemu, koma auzeni!"

Anakwawa mikono iwiri ija, ndipo ndinamva ndi makutu angawa akuti, "Amayi, akuti athokoza kwambiri. Akuti sanayembekeze."

Ndinaphonya nsambo. Apongozi anayankha mokondwa, mokweza kuti ndimve ndekha: "Auze asadandaule, ndi mwana wathu." Atatero anamasula nsalu yawo yapamwamba n'kuyala pamwamba pa bulangete, kuti nalonso lisade.

"Mwawauza chiyani, a Nambewe?"

"Zimene munthu angauze mayi ake. Imbani, anthu akukuonani."

Posakhalitsa mawu anayamba kusintha. Gitala ija inkalira ngati belu inayamba kusasa, kukhala ngati tonde wamangidwa chingwe chothina. Anyamata anakondwa nazo zedi, ati kaimbidwe katsopano ka ku Halale, n'kuyamba kudumpha. Kenako kunabwera fungo. Poyamba ngati wina akusita malaya, kenako ngati akuwaula mbuzi.

"Kwanunkha," anatero Yotamu.

"Ndamva."

"Utsi uwo."

"Ndauona, Yotamu! Gwedeza maseche!"

Esitere n'kuti atatsala mapazi asanu. Ndinathamangitsa nyimbo kuti afulumire, iye osatekeseka. Atatsala atatu, pakati pa bulangete panatuluka kabowo kakuda, kakukula, m'mphepete mwake muli moto. Apongozi anakuwa, "Mayo, bulangete langa!" Mayi wina amene ankadutsa ndi mtsuko wa thobwa sanafunse munthu. Anakhuthula wonse.

Mababu otentha akakumana ndi thobwa lozizira amalira kamodzi kokha. Ndinamva thu! thu! thu! mpaka kasanu, ndinawerenga. Kenako zii. Ine chiimire, gitala pamimba, nkhope kumango, pakuti ngakhale pamenepo sindikanatha kutembenuka. Amayi anayamba kuomba m'manja ndi kuimba, mkwatibwi anamaliza mapazi ake atatu, ndipo (izi ndizo zimandiwawa) ukwati unakoma kuposa poyamba.

M'mawa mwake a Filimoni anandiitanitsa kuseri kwa chigafa cha fodya. Ndinapita nditakonzeka kudzudzulidwa, mwina n'kuuzidwa kuti tengani mkazi wanu muchoke, mwatiotchera zokwanira. Kunena zoona, ndinkayembekeza zomwezo.

"Akamwini," anayamba, "kodi mumadziwa kuti chinthu chija chipsa?"

"Ndimadziwa, atsibweni."

"Kuyambira liti?"

"Chifundireni."

"Ndiye osalankhula?"

"Anali apongozi, atsibweni. Pakamwa panalemera."

Anapotokola fodya wawo. Kenako anandigwira dzanja ndi manja awiri.

"Takambirana ndi alongo anga. Akamwini a masiku ano amwano, obwera kutauni makamaka. Koma inu, kulolera chuma chanu cha ku Halale chipse, osatsegula pakamwa pamaso pa apongozi! Munthu wotere sapezekapezeka. Alongo anga alira, ati mwana uyu asachoke pakhomo pano. Za chitengwa tiyeni tiziiwale kaye. Takuonjezerani munda wa kudambo."

Ndinaomba m'manja kuthokoza, eti nanga n'kutani. Munda wa kudambowo unali wa ziputu zokhazokha, ndinazula zaka ziwiri.

Ndiye anyamata inu, ulemu ndi wabwino, sindikukana. Koma muzichitako kamwano pang'ono, kongokwanira kuti eni mudzi azikutopani. Ine ndinachita ulemu tsiku limodzi lokha, ndipo ku Kabudula ndimapitako pamaliro basi, ngati mlendo.