Sabata Yomwe Ndinayesa Kuchotsa Malume pa Unkhoswe

Lolemba

Zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, ku yunivesite, ndinalemba masamba khumi pa funso ili: kodi n'koyenera kuti mayiko ena atumize asilikali kukachotsa mtsogoleri wankhanza m'dziko la eni? Aphunzitsi anandipatsa malikisi abwino, koma pansi analemba ndi inki yofiira: "Mwalemba bwino. Nanga inuyo muli mbali iti?" Sindinawayankhe.

Lero funsolo landipeza kuno ku Bangula. Loweruka ankhoswe akumana kuti atchule tsiku la ukwati wathu ine ndi Lozina. Tsikulo liyenera kukhala mvula isanayambe. Madzi akadzaza, kwawo ku Makhanga kumasanduka chilumba, ndiye kuti mpaka chaka chamawa.

Vuto: ankhoswewo sakulankhulana. Anakangana dzulo padoko chifukwa cha nkhondo ya pa wailesi, m'dziko loti onse awiri sangaliloze pamapu.

Malume a Zuze, nkhoswe yanga, ogulitsa mlamba wouma: "Mayiko amphamvu apite akamuchotse mtsogoleri wakumenekoyo! Mwamuna akamapha mkazi m'nyumba, oyandikana nawo timathyola chitseko."

A Alufandika, nkhoswe ya Lozina, omwe anathawa nkhondo ku Mozambiki ali mwana: "Nkhabe, ayi ndithu! Othyola chitsekowo amabwerera kwawo. Otsala kugona pambalambanda ndi eni nyumba."

Ine ndikuona kuti onse akunena zoona. Matenda anga akale aja.

Pulani: pepala la mfundo zisanu zoti onse awiri avomereze. Ndinaphunzira zimenezi. Zikanike bwanji?

Lachiwiri

Dzuwa lero likuotcha ngati lili ndi mlandu nafe. Ndikuweruka kusukulu komwe ndimaphunzitsa, molunjika kumsika, pepala m'manja.

Malume awerenga mfundo yoyamba yokha. "Mphwanga, amene akufa lero adikire mpaka mfundo yachisanu?"

Ndikusakasaka yankho. Pafika mayi wofuna mlamba. Malume akulunga nsomba ziwiri m'pepala langa. Mfundo zonse zisanu zapita ku Tengani pa kabaza!

Ndalemba lina. Mfundo yachitatu sindikuikumbukira. Mwina inali yosafunika. Mwina zonse.

Lachitatu

Ndaoloka pabwato kupita ku Makhanga. A Alufandika ndawapeza kudimba. Iwowa awerenga zonse, pang'onopang'ono, chala chikutsata mzere.

"Takhuta, zikomo aphunzitsi. Mwalemba nokha kapena akutumani?"

Kenako, maso ali pakhasu: "Mfuti zomwe zinatha mudzi wathu zinali ndi zilembo zoti palibe m'mudzimo ankatha kuziwerenga."

Ndapinda pepala langa la mfundo, ndatsanzika.

Lozina wandiperekeza mpaka padoko. "Musalowererepo. Akuluakulu awa amakangana chonchi chaka ndi chaka. Chaka chatha inali nkhani ya mpira. Amatha okha."

Ndavomera ndi mutu. Koma mtsinje ukuoneka kuti wayamba kale kufiira. Kapena ndi maso anga.

Lachinayi

Ganizo latsopano! Ngati nkhoswe sikusintha maganizo, tisinthe nkhoswe.

A Fombe, asuweni a mayi, ogwira ntchito ku Kapichira. Ubwino wawo:
1. Ali ndi njinga yamoto.
2. Ali ndi jekete.
3. Sindinawamvepo ali ndi maganizo pa chilichonse.

Ndawaimbira foni. Avomera ndisanamalize kufotokoza, zomwe zandiopsa pang'ono.

Uku si kulanda boma. Ndi kusintha kwamtendere, kokomera anthu onse. Mayi sindinawauze. Malumenso ayi. Ndidzawauza zinthu zikakhazikika.

Lachisanu

Zinthu sizinakhazikike.

A Fombe afika masana, jekete ili pathupi kutentha konseku. M'malo mobwera kunyumba ayambira kumsika, kupereka moni benchi ndi benchi: "Nkhoswe yatsopano ndine." Benchi yachinayi ndi ya malume.

Zina zomwe ndadziwa lero:
1. A Fombe ali nawo maganizo. Akuti nkhondo zonsezi ndi za mafuta, ndipo akhoza kufotokoza maola atatu.
2. Lozina akumutchula Lozaliya.
3. Amadya mlamba wathunthu okha.

Mayi: "Iwe, unamva kuti kuti mkwati amadzisankhira nkhoswe? Munthu wodzakuweruza ukadzalakwira mwana wa eni, umuike wekha? Sukulu yonse ija?"

Malume sanakalipe. Bola akanakalipa. Atseka benchi dzuwa lili pamutu, avala chipewa chawo cha kutchalitchi, atsikira kudoko. Wopalasa bwato akuti aoloka. Akukatani kutsidya, kwa munthu yemwe sakulankhula naye?

Loweruka

Ku Makhanga, pansi pa mtengo wa mango. Mkwati saloledwa pabwalo la ankhoswe, choncho ndakhala kuseri kwa khola la mbuzi, komwe mawu akumveka bwinobwino.

Malume ndi a Alufandika ali pamphasa imodzi. Akugawana chimanga chootcha!

A Fombe ayamba kulonjera. A Alufandika awadula: "Awa sitikuwadziwa. Nkhoswe yoikidwa ndi anthu apadera sitikambirana nayo."

Malume: "Apa pokha, achimwene, mwanena zoona. Za m'banja lathu timakonza tokha."

A Alufandika: "Komabe mnyamata wanuyo, a Zuze, ndiye wofunika kumuthyolera chitseko."

Aseka mpaka kutsokomola. Aliyense wabwereka mfundo ya mnzake, ndipo palibe wazindikira. Zomwe pepala langa lalephera sabata yonse, uchitsiru wanga wachita tsiku limodzi.

A Fombe akumbukira mwadzidzidzi kuti madzulo ali pantchito. Anyamuka nkhani isanathe. Wotsala pambalambanda ndine.

Chigamulo, cha onse awiri, mawu amodzi: ukwati udzachitika madzi akadzaphwa. Mkwati ayambe waphunzira kusiyanitsa malume ndi mpando wa ndale.

Mbuzi ina yanditafuna kolala. Sindinailetse.

Lamulungu

Mitambo yakuda chakumapiri a Thyolo. Achule ayamba kuyeserera mawu.

Malume adutsa kunyumba pochokera kutchalitchi, wailesi kukhutu. Nkhondo ija ikupitirira. Malume akuti a Alufandika ndi munthu wabwino kwambiri, kungoti za mayiko sazidziwa. Mawa akumana padoko kuti akapitirize mkangano wawo.

Miyezi isanu, mwina isanu ndi umodzi. Ndikhala ndikuyang'ana kutsidya.

Lozina waoloka masana. Sanakhale pampando. Waima pakhonde, manja m'chiuno. "Ndinakuuzani Lachitatu. Tsopano tandiuzani, pa zonsezi inuyo muli mbali iti?"

Ndatsegula pakamwa, ndamva mfundo yoyamba ikubwera, ndatseka. Ndamupempha adikire pang'ono. Akudikirabe, ndikumva phazi likugunda pansi.

Kulankhula sinditha. Ndathothola masamba awa m'kope, awerenge yekha uchitsiru wonse kuyambira Lolemba. Pansi penipeni, ndi cholembera chofiira chomwe ndimachongera mayeso, ndalemba yankho loyamba lopanda mfundo m'moyo wanga: Mbali yako.

Ndawapinda panayi. Ndikutuluka kukamupatsa.