Tsiku Limene Mpendadzuwa Unaswali

Ndisanapite patali, dziwani kuti khosi langa linauma sabata yathunthu, ndipo kushikola, kusukulu kwathu, mpaka lero palibe amene amandiitana dzina langa lenileni.

Pulofesolo wathu wa sayansi, a Bonifasiyo, anaitana anthu a ku Sanjala, dera loyandikana nafe, kuti adzaone m'mashamba, ndiko kuti m'minda ya shikola, mmene zomera zimatsatira dzuwa. Anadzala mpendadzuwa m'zitini zikuluzikulu. M'mawa umayang'ana kum'mawa, madzulo umapendekera ku Meponda, kolowera dzuwa. Diletolo, mkulu wa shikola, anachenjeza tili pamzere: "Wokhudza chitini, katundu pamutu, kwawo!" Kwathu ndi ku Lione, kumene masiku ano mfuti zimadzuka atambala asanalire. (Chenjezolo ndinalimva bwinobwino, koma manja anga alibe makutu.)

Tsikulo m'mawa, anzanga ali pamzere wa phala, ndinakumbatira zitini chimodzichimodzi n'kuzitembenuzira kumpoto.

Anthu anadzaza. Pulofesolo, ali m'jekete yawo ya paukwati, anakweza mawu: "Makamalada, onani duwa likulonjera dzuwa!" Anacheuka. Maluwa onse anali atayang'ana kumpoto.

Che Saidi, ogulitsa usipa pamsika, ndiwo anayamba. "Mashallah! Aphunzitsi, maluwa anuwa ayang'ana kibula, kumene timayang'ana popemphera mumzikiti. Akuswali awa!"

"Iyayi Che Saidi," anatero mayi wina wa kwaya, "ayang'ana kutchalitchi kwathu."

"Amayi, tchalitchi chanu chili kuseri kwa mzikiti. Musatibere maluwa!"

Ine ndinaseka mpaka kugwira pamimba, ndipo apo m'pamene ndinaona. Kani zitinizo anazipaka utoto wofiira dzulo lake! Malaya anga oyera (okhawo amene ndili nawo) anali psuu pachifuwa ponse. Diletolo nawo anali ataona kale.

"Kalongedze," anandiuza.

Ndinaona njira ya ku Lione, ndinaonanso nkhope ya bambo anga.

"Kamalada diletolo," anatero pulofesolo mofatsa, "ndibwerekeni mnyamatayu mpaka madzulo. Wandiwonongera maluwa, ndikufuna duwa lina."

Anandiimika m'chitini chopanda kanthu, maso chitsinzinire, nkhope kudzuwa. Dzuwa likasuntha, nane ndizisuntha. Khosi likangogwa pang'ono, khamu lonse: "Lafota! Thirirani!" Ana ankabweradi ndi madzi n'kundikhuthulira kumapazi. Che Saidi anandizungulira kawiri, nafunsa ngati mtundu uwu umatulutsa mafuta.

Dzuwa litapendeka, mayi wa kwaya uja anakuwa. Maluwa enieni aja anali atayamba kupotoza makosi okha, kulondola dzuwa ku Meponda, limodzi ndi ine. Anthu anaomba m'manja, pulofesolo anawala ngati akwatiranso.

"Nanga duwa ili tilizule?" anafunsa.

Diletolo anapukuta misozi ya kuseka. "Lamera kale pano. Lisiyeni."

Ndiye ndikadali pashikola, abale anga, ndipo ndinaphunzirapo ndithu. Musanakumbatire chitini cha munthu, yambani mwachikhudza ndi chala.