Lero Wafa Ndani?

Agogo Matsue analibe moni. Akangotsegula maso m'mawa, funso linali limodzi: "Lero wafa ndani?" Ukatchula dzina, mpunga ankauseseratu m'mbale. Ukati palibe, ankatafuna monyinyirika ngati wawabera.

Woyankha funsoli anali mpongozi wawo Fumiyo, amene analowa m'nyumbamo ali namwali, pano naye kumutu kuli mbuu, msana utapindika. Mwamuna wake anapita, azilamu ake anapita, ngakhale dokotala amene ananena kuti agogowo sadzaona chilimwe china anaikidwa kalekale. Agogowo sankalandira chakudya m'manja mwa wina aliyense, choncho Fumiyo sankachoka pakhomo. Chimene mtima wake unkafuna chinali chimodzi chokha: kukwera sitima kukaona mng'ono wake Teruko, amene ankadwala kwawo kumpoto.

"Amayi, ndingopita n'kubwerako. Anamwino akudyetsani."

"Kuti andiphe? Wa ku Kagoshima uja asangalale?"

Wa ku Kagoshima anali mayi wina wa mumzinda wakutali amene sanakumanepo naye, yekhayo m'dziko lonse wowaposa zaka, ndi miyezi yochepa chabe. Ankadana naye ngati mkazi mnzawo. Akamuona pa kanema akumwetulira, ankamuloza ndi chala.

"Taona khungulo. Chisanu chikubwerachi sachimaliza ameneyu."

"Chaka chatha munateronso, amayi."

"Chaka chatha anachita kubera."

Pa tsiku lolemekeza okalamba, meya ankabwera ndi maluwa, atolankhani ali pambuyo. Agogowo ankamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Si iwe. Meya wadazi uja ali kuti?"

"Anatisiya, agogo."

"Ndinadziwa. Ankamwa tiyi mothamanga."

Mtolankhani wina anawafuulira m'khutu kuti chinsinsi cha moyo wautali n'chiyani, akuyembekeza kumva za nsomba ndi masamba.

"Peza mpongozi wosathawa," anayankha.

Anthu anaseka mpaka misozi. Fumiyo anawerama mwaulemu, n'kupita kukatereka madzi.

Chisanu chimenecho wa ku Kagoshima anamwaliradi. Koma tsiku lomwelo lamya inalira kawiri, ndipo kachiwiriko inachokera kumpoto.

"Lero wafa ndani?" anafunsa agogowo kutacha.

"Wa ku Kagoshima, amayi. Tsopano wamkulu m'dziko muno ndinu."

"Eyaa! Onjeza mpunga."

"Komanso Teruko."

"Anali ndi zaka zingati?"

"Makumi asanu ndi atatu."

"Khanda limenelo. Amathamangira kuti?"

Fumiyo anaonjeza mpungawo. Kumaliro sanapite, chifukwa meya ankabwera kudzajambulitsa, ndipo panafunika wina woti awapese tsitsi agogowo ndi kuwakhazika mowongoka.

Ulemu umene anaudikira chonchi anangoulawa. Anaulandira ali ndi zaka 116, ndipo patangopita miyezi yochepa, maluwa a mitengo ya matcheri asanayoyoke, anagona osadzukanso, kukamwa kuli yasa ngati atsala pang'ono kufunsa. Mtembo utawotchedwa, inakwana nthawi yotola mafupa ndi timitengo, abale awiri kugwira fupa limodzi monga mwa mwambo. Fumiyo anacheuka kufuna wogwira naye. Panalibe, agogowo anali ataika onse. Anathandizana ndi wantchito wa pamalopo, bambo wa magolovesi oyera amene ankangomutchula kuti "mayi ofedwa". Apo m'pamene analira, osadziwa kuti akulira ndani.

Masiku ano mudziwo uli zii. Atolankhani anaiwala njira, meya amangodutsa pagalimoto. Anthu akakumana kusitolo amafunsana moseka funso la agogowo ngati moni, koma kuseka kwake sikupita patali. Sitima yakumpoto ikuyendabe, kungoti Fumiyo alibe woti akamuone.

M'mawa uliwonse amaika kambale ka mpunga wotentha paguwa la makolo, patsogolo pa chithunzi cha apongozi ake, n'kuliza kabelu. Amawasowa, ndipo zimenezo zimamupsetsa mtima.

"Lero sanafe aliyense, amayi," amatero. "Ingodyani. Ndatsala ine."